Penshoni yanga yalowa m'madzi: kodi ku Reserve Bank amamva dandaulo la munthu wa ku Limbuli?

Funso

Ndine bambo wa zaka 63, ndimakhala kufupi ndi Limbuli ku Mulanje. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka 28. Ndalama zimene ndinalandira popuma ndinazigawa pawiri. Zina ndinagula masheya kudzera kwa broker (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya) wa mu Blantyre. Poyamba phindu linkabwera, koma tsopano kuli zii, ndipo mapepala anga onse anapita ndi madzi nthawi ya Freddy. Zina ndinaika ku gulu limene mnzathu wa kutchalitchi anatibweretsera, loti limachita malonda a ndalama zakunja pa intaneti ndipo limapereka 30 peresenti mwezi uliwonse. Ndinayamba ndi K200,000, n'kulandira K60,000 miyezi iwiri yotsatizana. Nditaona kuti zikutheka ndinaonjezera K1 miliyoni, ndipo ndinakopanso mlamu wanga. Lero foni zawo sizikupezeka. Anthu akuti ndikadandaule ku Reserve Bank. Kodi kumeneko amamva za munthu wakumudzi ngati ine? Dandaulo likafika limayenda bwanji? Ndalama zanga zingabwerere?

Yankho

Bambo, zikomo polemba, ndipo pepani kwambiri. Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo malemu bambo anga anakalambira m'fakitale ya tiyi, choncho mukati zaka 28 pa esiteti ndikudziwa kuti mwalawirira kangati m'chifunga ndi m'mvula ya chiperoni kuti ndalama imeneyo ipezeke. Ine ndakhala zaka zambiri mu Blantyre pa tebulo lolandira madandaulo a makasitomala m'kampani ina yoyendetsa ndalama za anthu. Makalata ochokera kwa otiyang'anira ankafikira pa tebulo limenelo kuti tiyankhe, ndiye zimene ndikuuzeni pano ndi zimene ndinkaona ndili mbali ya oyankhawo.

Funso lanu loyamba ndiyankhiretu: inde, amamva. Sayang'ana ngati kalata yachokera ku Namiwawa kapena ku Limbuli. Koma amamva zolembedwa. Zimene timadandaula pa siwa, pa msika, kapena m'minibasi ya pa Midima, ngakhale titakhetsa misozi yotani, ku ofesi kwawo sizifika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani za ndalama chitsekocho chimatsekulidwa ndi cholembera.

Anthu akamati "ku Reserve Bank" pa nkhani ngati yanuyi, kwenikweni akunena ofesi ya Registrar of Financial Institutions. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika kuti Gavanala wa Reserve Bank of Malawi akhalenso Registrar. Iyeyu ndiye amapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabanki, makampani a inshulansi, osunga ndalama za penshoni, mabungwe obwereketsa ngongole zing'onozing'ono, ma SACCO, ndi onse a pa msika wa masheya monga ma broker ndi makampani osonkhanitsa ndalama za anthu n'kukaziika m'malonda. A pa msika wa masheyawa alinso ndi lamulo lawolawo, Securities Act, la chaka chomwecho cha 2010. Likulu la bankiyi lili ku Lilongwe, koma ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndiye inu simukufunika kuwoloka Shire.

Mphamvu yonse ya Registrar yagona pa chiphaso. Amene anam'patsa chiphaso angathe kumuitanitsa, kumuvundukulira mabuku, kumulamula kuti akonze cholakwika, kumulipitsa chindapusa, mwinanso kumulanda chiphasocho kuti bizinesi ithere pomwepo. Amene sanatenge chiphaso alibe chomulanda. Apa ndi pamene nkhani zanu zikusiyanirana, chifukwa ndi ziwiri ngakhale ululu wake ndi umodzi, ndipo mukazisakaniza m'kalata imodzi zonse zichedwa.

Ndiyambe ndi ya masheya, imene ndikuona kuti ili ndi chiyembekezo chachikulu. Madzi a mwezi wa Malichi 2023 anatenga mapepala anu, koma masheya sanatenge. Umwini wa masheya sukhala pa pepala limene munasunga m'sutikesi. Uli m'kaundula wa eni masheya, amene kampani iliyonse ya pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange imasungitsa kwa amene amatchedwa transfer secretary, ndipo kuyambira cha mu 2018 masheya akhala akuchotsedwa pa masetifiketi a pepala n'kulowetsedwa mu kompyuta, m'nkhokwe yotchedwa CSD. Dzina lanu likadali momwemo, pokhapokha ngati wina anawagulitsa. Ndipo kugulitsa masheya kumasiya mapazi: tsiku, mtengo, broker amene anagulitsa, ndi chilolezo chimene mwini wake anasaina. Ngati anagulitsidwa inu osadziwa, broker ayenera kuonetsa chilolezocho, ndipo ngati alibe, mlandu ndi wake.

Koma nkhani zambiri za "phindu lasiya kubwera" zimene ndinaziona sizinali za kuba ayi. Anthu opuma pa esiteti zimawachitikira mofanana. Akaunti imene analembetsa pogula masheya ndi ija ankalandirirako malipiro, ndipo atapuma inagona kapena inatsekedwa, ndiye ndalama ikatumizidwa imabwerera. Keyala imene analemba ndi Private Bag ya esiteti, ndiye makalata onse amakaunjikana mu ofesi imene iwo anachokamo kalekale. Ena pa masheya analemba dzina la ubatizo, pamene pa chitupa cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017 pali dzina lina kapena kalembedwe kena, ndipo kompyuta imaona ngati ndi anthu awiri. Zikatero phindu lanu silinasowe, likungodikira kuti mwini wake aonekere ndi chitupa. Palinso chifukwa china chimene ambiri sakonda kumva: kampani siikakamizidwa kugawa phindu chaka chilichonse. Ngati chaka sichinayende bwino, kapena akuluakulu ake asankha kusunga ndalamazo kuti akuze bizinesi, eni masheya onse salandira, ndipo imeneyo si nkhani yokadandaula kwa Registrar. Chimodzimodzi mtengo wa masheya ukatsika, kapena kwacha ikagwa mphamvu monga inachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Registrar amaweruza khalidwe la kampani, ngati yanama, yabisa, yachedwetsa dala kapena yagwira ndalama zanu mosaloledwa. Kukwera ndi kutsika kwa msika sakuweruza.

Ndiye khomo loyamba si la Registrar, ndi la broker wanu ndi transfer secretary wa kampani imene munagulako masheya. Musalumphe khomo limeneli. Kampani iliyonse ya chiphaso imayenera kukhala ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo funso loyamba limene a Registrar angakufunseni ndi lakuti, "Kodi eni akewo munawauza? Anati chiyani?" Mukati simunawauze, akubwezerani komweko, transipoti n'kupita pachabe.

Kalata yake ikhale ya tsamba limodzi. Mulembe dzina lanu monga liliri pa chitupa, ndi dzina lina lililonse limene mwina munagwiritsa ntchito pogula. Munene kampani imene munagulako masheya, chaka, ndalama zimene munapereka ngakhale mongoyerekeza, ndi nthawi imene munalandira phindu komaliza. Munene kuti mapepala anapita ndi madzi. Kenako mulembe chimene mukufuna, chifukwa apa ndi pamene makalata ambiri amafooka. Munthu amalemba masamba anayi a mkwiyo koma osanena chimene akupempha. Inu mupemphe sitetimenti yoonetsa masheya amene muli nawo lero, mndandanda wa phindu lonse limene linagawidwa kuyambira pamene munasiya kulandira ndi kumene linatumizidwa, komanso kuti asinthe akaunti, keyala ndi nambala ya foni. Chingerezi chisakuopseni. Ngati mfundo zikutuluka bwino m'Chichewa, lembani m'Chichewa, okawerengawo ndi Amalawi anzathu. Mupite ndi makope awiri, lina adinde chidindo cha tsiku limene alandira n'kukubwezerani. Mufunse nambala ya dandaulo lanu, dzina la amene walandira, ndi tsiku limene adzakuyankheni, ndipo zonsezo zilembedwe pa kope lanulo. Mapepala enieni, ngati ena anapulumuka, musasiye kwa munthu aliyense. Siyani mafotokope.

Sindiiwala mayi wina wamasiye amene anabwera pa tebulo langa zaka zapitazo, wochokera cha ku Luchenza. Amuna awo anali makaniki pa esiteti, ndipo anasiya ndalama kukampani ina imene inkangowazengereza. Mayiyo sukulu analekera pulayimale. Anamasula mpango, n'kutulutsa jumbo ya shuga, ndipo m'jumbomo munali kope la ana asukulu lopindika m'makona. Tsamba lililonse linali ulendo umodzi: tsiku, ndalama ya minibasi, dzina la amene anawalandira, ndi mawu amene anauzidwa. "Abwana ali ku msonkhano." "Fayilo ikufunidwa." "Mubwere mwezi wamawa." Pamene sanamve dzina analemba kuti "mtsikana wa magalasi, tebulo la pawindo". Tinangokopera kope limenelo n'kulimata kukalata yopita kwa Registrar, ndipo kampaniyo inasowa pothawira, chifukwa masiku ake ankagwirizana ndi buku la alendo la pa geti pawo pomwe. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wophunzira bwino, amene ndikukhulupirira kuti analakwiridwadi, koma analibe risiti, tsiku sankalikumbukira, ndipo amene anam'patsa ndalama ankangomudziwa nkhope. Ndinamva chisoni, chifukwa panalibe pogwira.

Tsiku limene anakulonjezani likadutsa kuli chete, kapena yankho likakhala losakukhutiritsani, ndiye nthawi yopita kwa Registrar yakwana. Mungathe kulemba kalata, kutumiza imelo, kuimba foni kapena kupita nokha ku nthambi ya ku Blantyre. Manambala ndi makeyala ake muwatenge pa tsamba la pa intaneti la Reserve Bank lenilenilo, kapena mukafunse m'banki yanu pa Chitakale, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Ngakhale mutayamba ndi foni, tsatizani ndi kalata, ndipo mumatepo kope lodindidwa lija ndi yankho la kampani ngati lilipo. Kudandaula n'kwaulere.

Mwafunsa kuti likafika limayenda bwanji. Kayendedwe kake n'kofanana pafupifupi kwa oyang'anira onse a zachuma. Dandaulo limalembedwa m'kaundula n'kupatsidwa nambala. Kenako amaliona ngati likukhudza kampani imene iwo amaiyang'anira, ndi kuti ndi la mtundu wanji, la banki, la penshoni, la inshulansi kapena la masheya, kuti lipite kwa odziwa mbali imeneyo. Akatero amalembera kampaniyo kuti ifotokoze mbali yake ndi umboni, n'kuipatsa tsiku loti ikhale itayankha. Yankholo amaliika pambali pa zimene inu mwanena. Pena amakuimbirani kufunsa zina, pena amaitana mbali zonse ziwiri, ndipo pomaliza amanena mmene aionera nkhaniyo ndi chimene kampani iyenera kuchita. Kumbali yathu ya oyankha, kalata ya Registrar sinkagona pa tebulo. Inkafika kwa bwana wamkulu tsiku lomwelo, ndipo aliyense amene anagwirapo fayiloyo ankafunsidwa. Kampani ingathe kunyozera mkwiyo wa kasitomala mmodzi, koma singanyozere amene ali ndi chiphaso chake m'manja.

Ndikuchenjezeni pa ziwiri kuti musadzakhumudwe. Sizichitika sabata imodzi, ndipo muyenera kumalondola, mukutchula nambala ija nthawi iliyonse. Komanso Registrar si loya wanu ndipo si khoti. Satenga ndalama m'thumba mwake kuti akubwezereni, amakakamiza wolakwayo kuti akonze. Ngati simukukhutira, njira ya kukhoti ikadali yotsekula, ndipo amene sangakwanitse kulipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Musakhalire nkhaniyo zaka zambiri, chifukwa malamulo amaika malire a nthawi imene munthu angathe kukasuma.

Tsopano nkhani yachiwiri, ndipo pano sindikupakani mafuta pakamwa. Mmene mwafotokozera, simunaike ndalama m'malonda amene analephera. Munaberedwa. Inu ndinu kalaliki, tiyeni tiwerengere limodzi. K1 miliyoni ikamabereka 30 peresenti mwezi uliwonse, phindu n'kumalisiya momwemo, pakutha pa miyezi 12 imapitirira K23 miliyoni. Kodi munthu amene ali ndi njira yochulukitsira ndalama ka 23 pa chaka angavutikirenji kuyenda m'matchalitchi a ku Mulanje kupempha K200,000? Akanakabwereka kubanki, n'kulemera yekha mwakachetechete. K120,000 imene munalandira ija sinachokere ku malonda aliwonse. Inali gawo la ndalama zanu zomwe, kapena za amene analowa pambuyo panu, ndipo ntchito yake inali ya nyambo, kuti mutulutse K1 miliyoni ndiponso kuti mukauze mlamu wanu ndi mtima woona kuti "ine ndalandira". Chinyengo chimenechi n'chakale. Chimadziwika ndi dzina la Charles Ponzi, amene anachichita ku Boston mu 1920. Ku South Africa kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi kuchokera ku malonda a pa kompyuta a Bitcoin, oyang'anira a kumeneko a FSCA anachenjeza anthu mu 2020, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chomwecho inagwa ndi ndalama za anthu a m'mayiko ambiri. Chimasintha ndi chovala chokha, lero ndalama zakunja, mawa golide, mkuja Bitcoin.

Kodi ndalamazo zingabwerere? Mwayi wake ndi wochepa, ndipo ukucheperachepera tsiku lililonse limene mukudikira. Zikapezeka zina m'maakaunti amene atsekedwa msanga, zimagawidwa kwa anthu ambiri, ndipo kawirikawiri munthu amalandira kagawo chabe. Ndikadakonda kukuuzani zina, koma bodza langa lingakupwetekeni kachiwiri.

Khomo loyamba pa nkhani imeneyi ndi la apolisi, chifukwa kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu waupandu. Kaperekeni lipoti ku polisi ya kwanuko, mutenge nambala ya lipotilo, ndipo mupemphe kuti nkhaniyo ifike kwa apolisi a Fiscal, amene ntchito yawo ndi milandu ya ndalama. Ngati munatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kadziwitseni kampani ya foniyo mwamsanga ndipo mupemphe sitetimenti ya nambala yanu. Ngati munaika pa akaunti ya kubanki, dziwitsani bankiyo polemba. Umboni wanu waukulu uli mu foni yanu, ndiye isamaleni ngati dzira. Uthenga uliwonse wotsimikiza kuti ndalama yapita uli ndi nambala yakeyake, tsiku, ola, ndi dzina la wolandira, ndipo popeza ma SIM khadi masiku ano amalembetsedwa ndi chitupa, dzina limenelo ndi poyambira kufufuza ngakhale litakhala la munthu wongobwerekedwa. Musafufute kanthu. Musatuluke mu gulu la WhatsApp chifukwa cha mkwiyo, muyambe mwajambula mauthenga onse, malonjezo, manambala a oyendetsa gululo ndi zithunzi za "masetifiketi" amene ankakuonetsani. Ngati kujambulako kukuvutani, mdzukulu akuthandizeni, koma manambalawo muwakoperenso pa pepala ndi dzanja lanu, chifukwa foni imagwera m'madzi.

Komabe lembaninso kwa Registrar, m'kalata ina yapadera. Mwina mufunsa kuti ndilemberenji kwa munthu amene mwanena kuti alibe chowalanda anthuwo. Apa ndi pamene pagona mtima wa yankho langa.

Dandaulo limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yopempha kuti inu muthandizidwe. Yachiwiri, imene odandaula ambiri saidziwa, ndi yokhala maso a oyang'anira. Makampani a chiphaso amatumiza malipoti ndipo amayenderedwa. Akathyali satumiza lipoti kwa wina aliyense. Munthu amene wakhala mu ofesi ku Lilongwe alibe njira yodziwira kuti kuseri kwa phiri la Mulanje kuli gulu limene likutolera penshoni za anthu, kupatula ngati wina wa komweko walemba. Kusonkhanitsa ndalama za anthu n'kumalonjeza phindu popanda chiphaso n'kuphwanya malamulo amene Registrar amayang'anira, ndipo akadziwa angathe kuchenjeza dziko lonse m'nyuzipepala ndi pa wailesi, kudziwitsa mabanki, ndi kugwira ntchito limodzi ndi apolisi komanso Financial Intelligence Authority, bungwe limene limalondola mayendedwe a ndalama zokayikitsa. Kalata imodzi ingaoneke ngati mkangano wa anthu awiri. Koma ikafika ina yochokera ku Bvumbwe, ina ku Phalombe, ina ku Ndirande, zonse zikutchula nambala ya foni imodzi, oyang'anira amadziwa kuti apeza chisa. Anthu amene anakuberaniwo sanapume. Atha kukhala kuti mwezi uno ali pa esiteti ina ku Thyolo ndi dzina latsopano, akudikira amene akupuma ntchito chaka chino.

Sindikunena kuti oyang'anira salakwitsa. Ku America, munthu wina wodziwa za ndalama dzina lake Harry Markopolos anayamba kulembera SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya kumeneko, mu 2000 kuti phindu limene Bernard Madoff, woyendetsa ndalama za anthu, ankalengeza silingatheke mwa masamu. Analemba kangapo, koma Madoff anadzamangidwa mu Disembala 2008, chinyengo chake chitadzigwera chokha, anthu atataya ndalama zosaneneka. Chimodzi mwa zimene zinaululika n'chakuti machenjezo ankafikira m'maofesi osiyanasiyana popanda wowaika pamodzi. Pambuyo pake SEC inakhazikitsa nkhokwe imodzi ya pa kompyuta yolandirira madandaulo ndi zotsina khutu zonse, kuti dzina likatchulidwa kawiri lionekere. Ku India bungwe loyang'anira msika wa masheya la SEBI linatsegula njira ya pa intaneti yotchedwa SCORES mu 2011, imene wodandaula amatha kuona yekha pamene nkhani yake yafika. Ku Britain kampani imapatsidwa masabata 8 kuti iyankhe, ndipo ikalephera munthu amapita ku Financial Ombudsman Service, ofesi yapadera yoweruza madandaulo otere. Kwathu kuno, mmene ine ndimaonera, vuto lalikulu ndi mtunda ndi chilankhulo. Machenjezo ambiri amatuluka m'Chingerezi, m'nyuzipepala imene wothyola tiyi saigula. Ndikadakonda oyang'anira ndi osunga penshoni akadamafika pa esiteti tsiku lamalipiro, n'kukhala pansi ndi aliyense amene watsala pang'ono kupuma asanagwire ndalama yake, chifukwa akathyali amadziwa bwino mwezi umene munthu akulandira. Koma poti zinthu zili mmene zililimu, phunziro la nkhani ya Markopolos kwa inu ndi lakuti mugogode makomo angapo ndipo musaleke kulondola.

Pali chinthu china chimene simunalembe koma ndikuchimva m'kalata yanu, ndicho manyazi. Munthu amene munkasunga mabuku a esiteti, amene anthu amakupatsani ulemu kutchalitchi, kuvomera pagulu kuti anakupondani n'kowawa. Akuba amenewa amadalira manyazi omwewo. Amasankha dala kulowera kwa anthu olemekezeka, chifukwa mawu awo amakopa ena, ndipo zikavuta sathamangira kupolisi. Ine pa tebulo paja ndinaona aphunzitsi, anamwino, abusa ndi owerengera ndalama enieni atagwa m'mbuna yomweyi. Simuli nokha, ndipo si umbuli.

Za mlamu wanu, nenani zoona m'lipoti. Lembani kuti munamuitana ndinu, ndipo ngati anakupatsani kangachepe chifukwa chobweretsa munthu, nenaninso kuchuluka kwake. Zikadzatulukira kwa ena inu mutabisa, mudzaoneka ngati munali mbali ya akubawo. Mnzanu wa kutchalitchi uja naye dzina lake lilembedwe monga njira imene nkhaniyi inadzera, popanda kumuweruza, chifukwa n'kutheka kuti nayenso anadyetsedwa nyambo yomweyo, ndipo ngati ndi choncho iye ndi amene ali ndi manambala a amene ali pamwamba. Kukambirana kwa abusa kapena kwa amfumu n'kwabwino kuti ubale usathe, koma kusalowe m'malo mwa lipoti. Wina akakuuzani kuti "tisapite kupolisi, tingawakwiyitse osatibwezera", dziwani kuti nthawi imene mukudikirayo ndi imene ndalama zikusamutsidwa.

Ndipo apa luso lanu lakale ligwire ntchito. Munkalemba makilogalamu a othyola tiyi mazanamazana tsiku ndi tsiku, dzina ndi dzina, osasokoneza. Itanani onse amene analowa m'gululi, mujambule mizere m'kope: dzina, tsiku limene anatumiza, ndalama zake, nambala imene anatumizirako, nambala ya uthenga wotsimikiza, ndi zimene analandirapo. Aliyense alembe tsamba lake lalifupi n'kusaina yekha, kenako zonse zipite pamodzi, kope lina kupolisi, lina kwa Registrar, lina litsale kwa inu. Wofufuza akalandira mndandanda wotero, mwamuchitira ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo nkhani yanu siikhala pansi pa mulu.

Ofesi ya Registrar imalandiranso mafunso, osati madandaulo okha, ndipo funso lofunsidwa ndalama isanatuluke m'thumba limapulumutsa zambiri kuposa dandaulo lililonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sangakuuzeni kuti mugule masheya a kampani iti, imeneyo si ntchito yawo. Koma angakuuzeni ngati kampani yakutiyakuti ili ndi chiphaso, ndi chiphaso chochitira chiyani. Mbali yachiwiriyi ndi yofunika. Akathyali amakonda kuonetsa setifiketi yolembetsera kampani, kapena pepala la msonkho la MRA, lili mu felemu pa khoma. Mapepala amenewo angakhale enieni, koma amangosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa, ngati mmene golosale imalembetsedwera. Salola munthu kutolera ndalama za anthu. Chiphaso chimenecho chimachokera kwa Registrar of Financial Institutions yekha. Za ma broker n'zosavuta kutsimikiza, chifukwa ndi ochepa ndipo Malawi Stock Exchange, imene ili mu Blantyre pa Victoria Avenue ndipo inayamba kugulitsa masheya mu 1996, imasunga mayina awo. Za broker wanu uja mukafunse komweko tsiku limene mukapereke kalata.

Chenjezo lina, chifukwa izi zimatsatira nthawi zambiri. M'masabata akubwerawa mungathe kulandira foni kuchokera kwa munthu waulemu wake, woti ndi wa ku Reserve Bank, wapolisi kapena loya, wonena kuti ndalama zanu zapezeka koma mutumize kaye ya "kutsegulira fayilo" kapena ya msonkho. Adzadziwa dzina lanu ndi ndalama zimene munataya, chifukwa ndi anthu omwe aja, kapena amene anagula mndandanda wa mayina kwa iwo. Palibe ofesi ya boma imene imafuna ndalama pa foni kuti ikubwezereni zanu, ndipo palibe amene ayenera kukufunsani PIN. Lembani nambala yake, muionjezere m'kope lija.

Usiku uno yambani ndi kukopera mauthenga a mu foni. Lipoti la kupolisi lisadutse sabata ino. Ulendo wa ku Blantyre ukhale umodzi wokonzekera bwino: chitupa cha unzika ndi mafotokope ake, kalata ya kubanki yotsimikiza akaunti imene ikugwira ntchito, makope awiri a kalata yopita kwa broker, ndi envelopu ya gulu yopita kwa Registrar. Broker akakupatsani sitetimenti, nambala yanu ya CSD muilembe malo awiri. Mayi a kunyumba adziwe pamene ili ndi chimene imatanthauza, ndipo kope lina mukasungitse kwa mwana wanu amene amakhala kutali ndi mtsinje.